Chikumbutso Chinalira Pakati pa Kwaya

1. Foni ya amalume

Luntha Gondwe anali mu Fomu 3 pamene analandira foni yake yoyamba. Inali yakale, yong'aluka pang'ono pakona, koma inkagwira ntchito bwinobwino. Anamupatsa ndi amalume ake, a Ezekiel Msiska, amene ankakonza mafoni m'kashopu ka malata mumsika wa ku Area 25.

Luntha ankakhala ndi amayi ake chakumunsi kwa msikawo. Bambo ake anamwalira iye akadakwawa. Amayi ake, amene anzawo akumpoto ankawatcha anyaMsiska, anali ndi sukulu yamkaka kuseri kwa nyumba. Kutchalitchi nako ankadziwika, poti anali mlembi wa amayi a Umanyano.

M'nyumbamo munali nkhani imodzi imene sinkatuluka pakhomo. Luntha anabadwa ndi kachilombo ka HIV, ndipo iye ndi amayi ake ankamwa ma ARV tsiku lililonse. Pakatha miyezi itatu, Luntha ankanyamula mabuku awiri a kuchipatala, lake ndi la amayi ake, n'kukatenga mankhwala a onse awiri. Kupatula achipatala, amene ankadziwa zimenezi anali amalume Ezekiel okha.

Tsiku lomupatsa fonilo, amalume sanamupatse msanga. Anamukhazika pa benchi ya makasitomala, foniyo ili m'manja mwawo.

"Luntha, foni iyi ndi yako, koma undimve kaye," anatero. "Ine ndakonza mafoni zaka khumi ndi ziwiri. Pa benchi wakhalapoyi ndaonapo anthu akuluakulu akulira, osati chifukwa foni yasweka ayi, koma chifukwa cha zimene foni yaulula. Foni si kope lakusukulu, loti ukalitseka latsekeka. Zimene ukulemba umu zimakasungidwa m'makompyuta a anthu amene sudzawaona, kumaiko kumene sudzafikako. Apu iliyonse ikakufunsa kuti ione manambala a anzako, kaya idziwe kumene uli, usathamangire kuvomera. Werenga kaye. Chingelezi chake chikakuvuta, bwera nayo kuno tiwerengere limodzi. Zaulerezi ndiye uzichenjera nazo kwambiri. Munthu sangakhale pansi miyezi yambirimbiri kupanga chinthu n'kungokupatsa. Ngati sakufuna ndalama yako, pali china chako chimene akufuna. Ndipo nkhani ya kunyumba ija isalowe m'foni muno. Ngakhale dzina la mankhwala, usalembe."

Luntha anavomera zonse mwaulemu. Koma maso ake anali pa foni, akudikira kuti amalume amalize.

2. Kabatani kobiriwira

M'teremu yachitatu Luntha anatanganidwa ndi mayeso, mpaka anaiwala tsiku la kuchipatala. Anakumbukira mabotolo atatha. Panali Lachisanu madzulo, ndipo Lolemba linali la tchuthi, motero iye ndi amayi ake anakhala masiku anayi osamwa mankhwala. Namwino anamukalipira, n'kumuuza kuti kudumphitsa mankhwala kumapatsa mphamvu kachilombo. Amayi ake sanakalipe. Anangoti zisadzachitikenso, ndipo zimenezi zinamupweteka kuposa mawu a namwino aja.

Sabata yomweyo, Kings, mlembi wa kwaya ya achinyamata imene Luntha ankaimba, anabweretsa nzeru yatsopano. Kwaya inkakonzekera mpikisano, ndipo anthu ankajomba pokonzekera n'kumati anaiwala. Kings anapeza apu ya kalendala yaulere, imene imalira pa foni nthawi ya chinthu ikayandikira. Anatsegulamo kalendala ya kwaya yonse, n'kuuza aliyense amene anali ndi foni kuti alowemo.

Luntha anaiika apuyo Lamlungu masana, atakhala pakhonde. Poyamba panabwera tsamba lalitali la Chingelezi, la tizilembo ting'onoting'ono. Anawerenga mizere itatu, osamva kanthu. Anakumbukira kuti amalume anati azibwera nazo zoterezi, koma Lamlungu shopu inali yotseka, ndipo bandulo yake inali pafupi kutha. Anadina kabatani kobiriwira kovomera. Apuyo inapempha kuona manambala a m'foni, iye anavomera. Inapempha chithunzi chake, anaikapo chimene anajambulitsa atavala yunifolomu ya kwaya.

Popeza iye ndiye ankatsogolera oimba alto, Kings anamuuza kuti alembe yekha masiku awo okonzekera m'kalendala ya kwaya. Luntha analemba masiku atatu, n'kuona kuti chinthuchi n'chosavuta.

Pomwepo maganizo anamubwerera. Ngati foni ingakumbutse anthu za kwaya, ingamukumbutsenso za kuchipatala. Anapita pa tsiku lake, Lachisanu lina mu Seputembala, n'kulemba liwu limodzi lokha loti "Tauni". Analiyang'ana, n'kuona kuti pofika Seputembala mwina adzakhala ataiwala kuti kutauniko n'kokatani. Anafufuta. Mawu a amalume anali asanamuchoke m'mutu, koma manyazi a masiku anayi aja anali aakulu. Anadziuza kuti foni ndi yake, ili ndi nambala yachinsinsi, palibe amene amaigwira.

Analemba kuti: "Kuchipatala 7 koloko m'mawa. Kukatenga ma ARV anga ndi a amayi. Osaiwala mabuku onse awiri."

Anatchera kuti idzalire Lachinayi nthawi ya 4 koloko madzulo, kuti adzakonzeretu zonse. Pamwamba pa tsambalo panali kamzere kakang'ono kosonyeza kalendala imene akulembamo. Kanali kakadalembedwa kuti "Kwaya". Luntha sanakayang'ane.

Masabata anadutsa. Tsikulo linali kutali, ndipo panalibe wa m'kwaya amene ankatsegula kalendala mpaka miyezi ya kutsogolo. Chimene Luntha anaona n'chakuti m'munsi mwa apuyo munayamba kubwera malonda a mankhwala azitsamba, oti amawonjezera chitetezo cha m'thupi. Anadabwa pang'ono, koma anangowadutsa.

3. Lachinayi

Tsikulo kunkatentha, mphepo ikuulutsa fumbi pabwalo la tchalitchi. Kwaya inayamba hafu pasiti 3. Panali achinyamata makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi, ataima m'mizere itatu kutsogolo kwa guwa. Luntha anali mumzere wapakati, pafupi ndi mnzake wapamtima, Thandie, amene ankaphunzira naye kalasi imodzi.

Anali pakati pa nyimbo yachiwiri pamene mafoni analira. Analira onse nthawi imodzi, m'matumba, m'zikwama, pa mabenchi. Nyimbo inaduka. Ena anaseka, n'kumanena Kings kuti kalendala yake yayamba kuwakumbutsa za kwaya ali m'kwaya momwemo.

Luntha naye anaseka, akutulutsa foni yake. Anaona chikumbutso chake chija, n'kuiphimba msanga ndi dzanja. Atakweza maso, anaona kuti kuseka kwatha.

Aliyense anali atawerama pa foni yake. Amene analibe mafoni ankasuzumira pa mafoni a anzawo. Thandie anamugwira mkono, n'kumuonetsa sikirini yake. Mawu onse anali pomwepo, ma ARV, amayi, mabuku awiri. M'munsi mwake munali dzina la wolemba, Luntha Gondwe, ndi kachithunzi kake akumwetulira.

Mnyamata wina woimba besi anatsokomola. Mtsikana amene anaima kumanzere kwa Luntha anasuntha pang'ono, mwina osadziwa n'komwe kuti wasuntha.

Kings ndiye anayamba kulankhula. Anapempha kuti aliyense afufute uthengawo pomwepo, ndipo wina asatuluke nawo panja. Ena anagwedeza mitu kuvomera. Koma kumzere wakumbuyo kunamveka kaphokoso kaja kamene foni imachita munthu akajambula sikirini. Luntha anatembenuka. Nkhope zonse zinali zoyang'ana pansi, ndipo sanadziwe kuti wajambula ndani.

Thandie anamunong'oneza kuti atuluke limodzi. Luntha anachotsa mkono wake, n'kutuluka yekha, kusiya chikwama pa benchi. Atangodutsa geti la tchalitchi anayamba kuthamanga.

4. Pa benchi ya makasitomala

Anafika pa shopu ya amalume akupuma movutikira, fumbi lili mpaka m'maondo. Panali bambo wina amene ankadikira foni yake. Amalume Ezekiel atangoona nkhope ya Luntha, anapepesa bamboyo n'kumupempha kuti abwere mawa.

Luntha anafotokoza modukizadukiza, n'kuwapatsa foni. Ananena kuti ali m'njira wafufuta kale chikumbutsocho. Anawafunsa ngati zimenezo zikutanthauza kuti chachoka kwa onse.

Amalume anapukusa mutu. Anati m'kalendala chachokadi, koma uthenga umene walira uja wafika kale m'foni ya aliyense, ndipo ukhala momwemo mpaka mwini foni atauchotsa yekha. Za chithunzi chimene wina wajambula, anati chimenecho ndiye palibe angachigwire.

"Ndiye tifufute apu yonseyo, amalume," anatero Luntha.

Amalume anayang'ananso foniyo. Anavala magalasi awo, n'kutsegula tsamba lalitali lija limene Luntha analidumpha. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikuyenda pa sikirini, n'kumamasulira. Tsambalo linkati kampani ili ndi ufulu wosunga chilichonse chimene munthu walemba. Linkati ingathe kugawana zimenezo ndi anzake a malonda. Linkatinso kuchotsa apu m'foni sikuchotsa zimene zili m'makompyuta awo. Wofuna kuti zake zifufutidwe alembe kalata, ndipo adzayankhidwa pasanathe masiku makumi atatu.

Kenako anaona malonda a zitsamba aja m'munsi mwa sikirini. Anamufunsa kuti anayamba liti kubwera. Luntha anati patangopita masiku ochepa chilembereni chikumbutsocho.

"Ndiye kuti anawerenga kalekale," anatero amalume. "Anzako akwaya adziwa lero, koma amalondawa akhala akudziwa miyezi iwiri. Nambala yako ali nayo, manambala a anthu onse a m'foni muno ali nawo. Sindikukuopseza, ndikungokuuza zimene unavomera."

Anakhala pansi n'kulemba kalata ija pa foni yawo, kupempha kuti kampani ifufute zonse za Luntha. Yankho linabwera nthawi yomweyo. Luntha anadzuka pa benchi ndi chiyembekezo, koma amalume anamuuza kuti wayankha si munthu, ndi makina. Linkangothokoza chifukwa cholemba, n'kulonjeza kuti pempholo aliona.

Foni ya Luntha inalira. Anali Thandie. Analemba kuti watenga chikwama chake, ndipo pepani, chithunzi chija chafika pa gulu la pa foni la kalasi yawo. Anati wakangana ndi amene watumizayo, koma iye akuti wangochilandira kwa wina.

Luntha anawafunsa amalume ngati palibe munthu amene angamuimbire, kapena ofesi imene angapiteko madzulo omwewo. Anawakumbutsa kuti iwo amatha kutsegula mafoni otsekeka, amadzutsa mafoni ogwera m'madzi.

Amalume anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo, pakati pa timawaya ndi mabatire.

"Mwana wanga, chikanakhala chosweka ndikanakonza," anatero. "Apa palibe chasweka. Apu yachita zimene inapangidwira. Mawa ndikafunsa kwa odziwa malamulo ngati pali pokadandaula, koma ngakhale atatithandiza, zimene anthu awerenga sangaziiwale. Sindikukalipira, waona wekha. Chimene chatsala ndi chimodzi. M'kwaya muja muli ana a amayi a Umanyano, muli achibale a makolo a ana a kusukulu yamkaka. Nkhaniyi ikupita kwa mayi ako panopa. Ayimve kwa iwe, asayimve kwa munthu wapamsewu."

Anati atseke shopu apite limodzi. Luntha anakana. Anati analemba yekha, akanena yekha. Amalume anavomera, n'kunena kuti atsogole, iwo abwera akalongedza katundu.

5. Kuseri kwa nyumba

Dzuwa linali litapendeka pamene Luntha anafika kunyumba. Amayi ake anali kuseri, akutsuka timakapu ta pulasitiki timene ana a sukulu yamkaka ankamwera phala. Foni yawo inali pa tchaja m'nyumba. Atamuona anamufunsa kuti chikwama wasiya kuti, nanga bwanji kwaya yatha msanga.

Luntha anagwada pafupi ndi beseni. Anafotokoza zonse, kuyambira pa tsamba limene sanawerenge mpaka pa uthenga wa Thandie. Atafika pa mawu amene analemba, anawatchula monga momwe analili. Amayi ake anasiya kutsuka. Kapu imene inali m'manja mwawo inamira m'beseni.

Anafunsa funso limodzi lokha, ngati dzina lawo linalipo. Luntha anati panalembedwa kuti "amayi".

Anakhala pansi pa kampando ka ana, manja akudontha madzi. Atayamba kulankhula, ankasakaniza ndi Chitumbuka, monga ankachitira zinthu zikawakulira.

"Luntha, usaganize kuti ndikuchita manyazi ndi matendawa. Manyazi ndinathana nawo kalekale, iwe uli kumsana. Timamwa mankhwala, tili bwino, tikugwira ntchito ngati wina aliyense. Koma nkhaniyi inali yanga. Ndine ndinayenera kusankha woti ndimuuze, ndi tsiku loti ndimuuze, ndi mawu oti ndinene. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndaisunga, osati chifukwa choti ndi yoipa, koma chifukwa ndimawadziwa anthu. Ena adzatikonda monga kale. Ena mawa sabweretsa ana awo kuno, ndipo sadzanena chifukwa chake, adzangoti apeza sukulu yapafupi. Ena adzatimvera chisoni mpaka kutitopetsa. Iwe unafuna kuchita bwino, ndikudziwa. Unaopa kuiwala. Koma chinsinsi chimene uli nacho ndi munthu wina si chako wekha choti ungachiike pamene wafuna. Ukanandifunsa, tikanalemba kachizindikiro pa kalendala ya pakhoma, ya pepala, imene siuza munthu."

Luntha analira, akupepesa. Amayi ake sanamuletse, komanso sanamukankhe pamene anatsamira pa maondo awo. Anamuuza kuti mawa kuchipatala apitabe, ndipo apita onse awiri, chifukwa kubisala tsopano kulibe phindu. Lolemba kusukulu apitanso, ngakhale anthu amuyang'ane bwanji.

Kenako anapumira m'mwamba, n'kunena kuti mwamwayi Vitu ali kutali.

Vitu anali mchimwene wake wa Luntha, wamkulu ndi zaka zisanu, amene ankaphunzira za magetsi ku koleji ina ku Mzuzu. Iye anabadwa kachilomboka kasanalowe m'banjamo. Anakula akudziwa kuti bambo ake anamwalira ndi chibayo, ndiponso kuti mapiritsi a amayi ndi a kuthamanga kwa magazi, a Luntha ndi a chifuwa. Amayi anati anakonza zodzamukhazika pansi n'kumuuza zoona pa Khirisimasi, akamaliza mayeso ake omaliza. Tsopano adzamuimbira Loweruka, mtima ukakhazikika, nkhani isanakwere basi kukafika kumpoto.

Luntha anadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Amama," anatero, "achimwene amaimba tena akabwera pa holide. Kings anawaika m'kalendala ya kwaya."

Amayi anaimirira, kampando kaja n'kugwa. Analowa m'nyumba mofulumira, Luntha akuwatsatira. Anazula foni pa tchaja. Panali anthu asanu ndi awiri amene anaimba osayankhidwa: amayi awiri a Umanyano, mayi wa mwana wina wa kusukulu yamkaka, ndi manambala ena osadziwika. Vitu anali ataimba kanayi.

Anayesa kumuimbira. Foni inalira mpaka kuduka. Anayesanso, koma ulendo uno inadulidwa itangolira kamodzi.

Pageti panamveka kugogoda, ndi mawu a amalume Ezekiel akuodira. Palibe anawayankha, chifukwa nthawi yomweyo uthenga wa Vitu unalowa. Amayi anauyang'ana, koma maso awo anali odzaza misozi, motero anapereka foni kwa Luntha kuti awawerengere.

Luntha anawerenga mokweza.

"Amama, musandiimbire. Mwandinamiza moyo wanga wonse, ndipo ndamva limodzi ndi kwaya yonse. Mayeso a mawa sindilemba. Ndili m'basi."